Sisitere Henrietta Stockdale ndi Kaundula wa Anamwino

Ndili mwana, m'mudzi mwathu kufupi ndi Matandani munkabwera bambo wina wa njinga yakapalasa, chikwama chakuda chili pakaliyala. Anthu ankangomutcha adokotala. Ankabaya jekeseni wa matenda alionse, kaya malungo, chifuwa, nyamakazi ngakhale kufooka kwa ukalamba, ndipo singano yake inali imodzi yomweyo, ankangoitsukuluza m'kapu ya madzi ofunda. Anthu ankamukonda chifukwa ankafika pakhomo, ankalandira nkhuku kapena mbale ya nyemba ndalama zikasowa, komanso sankakalipira munthu. Chaka china anabaya mng'ono wanga pathako. Patatha masiku ochepa panatupa chithupsa chachikulu, mwana osagona usiku, mpaka amayi anamubereka kupita naye kuchipatala komwe anakachita kung'amba. Namwino amene ankatsuka balalo anafunsa amayi kuti amene anabaya mwanayo anaphunzira kuti, ndipo dzina lake linalembedwa m'kaundula uti. Amayi anangoti kukamwa yasa. Ine amene ndinali nditanyamula basiketi ya ndiwo ndinaganiza kuti akunena za kaundula wa msonkho kapena wa feteleza.

Funso la namwino uja ndinalisunga. Nditafika kuyunivesite n'kuyamba kufufuza kuti kaundula wa anamwino anayamba bwanji, ndinkayembekeza kuti ndikumana ndi dzina la Florence Nightingale, lomwe aliyense amalidziwa. Koma ndinapeza kuti boma loyamba kulemba anamwino m'kaundula mwalamulo linali la Cape, ku South Africa, m'chaka cha 1891, ndipo amene analimbikira nkhaniyo anali sisitere wa mpingo wa Anglican dzina lake Henrietta Stockdale. Ndi moyo wa mayi ameneyu umene ndikufuna kufotokoza.

Henrietta anabadwa pa 9 July 1847 m'mudzi wa Gringley-on-the-Hill, m'dera la Nottinghamshire ku England. Bambo ake, a Henry Stockdale, anali wansembe wa mpingo wa Anglican wotumikira m'midzi. Choncho anakulira m'nyumba ya mapemphero, yosasowa chakudya koma yopanda chuma chodzitamandira nacho. M'chaka cha 1863, ali mtsikana wa zaka pafupifupi 16, anakumana ndi Edward Twells amene anali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa dera la Bloemfontein. Kuyambira pamenepo mtima wake unali ku Africa, ngakhale kuti panapita zaka zoposa khumi asanakwere sitima.

Mpata unapezeka pamene bishopu wachiwiri wa Bloemfontein, Allan Webb, anapempha amayi a ku England kuti apite kukathandiza pa ntchito ya uphunzitsi ndi yosamalira odwala. Henrietta anadzikonzekeretsa pogwira ntchito miyezi ingapo pachipatala cha masisitere ku Clewer ndiponso pachipatala cha ana cha Great Ormond Street mumzinda wa London. Maphunziro a miyezi yowerengeka chabe lero sangamufikitse munthu ngakhale pakhomo la wodi, koma m'masiku amenewo anali ochuluka kuposa a amayi ambiri amene ankatchedwa anamwino. Ananyamuka m'chaka cha 1874 pamodzi ndi kagulu ka amayi amene anakakhazikitsa chipani cha masisitere cha St Michael and All Angels ku Bloemfontein, ndipo iye anachita malumbiro ake a usisitere m'chaka cha 1877.

Kuti timvetse ntchito yake tiyenera kuona kaye mmene Kimberley analili. Mwala woyamba wa dayamondi unatoledwa cha m'ma 1867 kufupi ndi mtsinje wa Orange, ndipo mu 1871 anthu anakhamukira pakaphiri kena kamene posakhalitsa kanasanduka dzenje lalikulu. Malowo anapatsidwa dzina loti Kimberley mu 1873. Kunali anthu zikwizikwi, azungu ochokera kutsidya la nyanja ndi anthu akuda ochokera madera onse a kumwera kwa Africa, okhala m'matenti ndi m'tinyumba ta malata, madzi ogula, zimbudzi zosalongosoka, fumbi ndi ntchentche ponseponse. Matenda a m'mimba, chibayo ndi malungo a taifodi zinkapulula anthu, osanena za ngozi za m'dzenje. Ife a ku Neno amene agogo athu ena anapita ku Joni pa Wenela timadziwa kuti mgodi umadya anthu. Kimberley ndiye anali chiyambi cha moyo umenewo wa migodi ndi makomboni.

Henrietta anafika kumeneko mu 1876. Ankayenda tenti ndi tenti kusamalira odwala, kenaka anagwira ntchito pachipatala cha Carnarvon. Iye mwini anadwala malungo a m'misasa yomweyo ndipo anabwerera ku England kukachira. Sanangokhala. Anapezerapo mwayi wowonjezera maphunziro pa University College Hospital, ndipo atabwerera anayang'anira kwa kanthawi chipatala cha St George ku Bloemfontein asanabwererenso ku Kimberley mu 1879 kukakhala mkulu wa anamwino pa Carnarvon. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 komweko ndi pamene anayamba kuphunzitsa anamwino mwadongosolo pachipatalacho, ndipo sukulu yakeyo imawerengedwa kuti ndi yoyamba kumwera konse kwa Africa.

Chimene chinali chachilendo m'kaphunzitsidwe kake chinali chakuti namwino sankangophunzira poonera ena monga mwana wamkazi aphunzirira kuphika. Ankamva maphunziro a thupi la munthu ndi kagwiridwe kake ka ntchito kuchokera kwa madokotala, ankagwira ntchito m'mawodi moyang'aniridwa, ndipo pomaliza ankayesedwa mayeso asanapatsidwe satifiketi. Amene anatuluka m'manja mwake anapita kukatsegula kapena kuyendetsa ntchito ya unamwino m'zipatala zina, monga ku Barberton, Pretoria ndi Queenstown, n'kumakaphunzitsanso ena. Mbewu inafalikira chomwecho.

Koma satifiketi ya chipatala chimodzi ili ndi malire ake. Namwino wophunzira zaka zingapo pa Kimberley ndi mayi wongovala chovala choyera n'kudzitcha namwino ankalembedwa ntchito mofanana, ndipo wodwala analibe njira yowasiyanitsira. Wina akalakwitsa pamalo pena, ankangosamukira tauni ina n'kuyambiranso. Azamba osaphunzira ankafalitsa matenda kwa amayi ongobereka kumene chifukwa chosasamba m'manja, popanda wowaletsa. Apa mpamene ndimakumbukira bambo wa njinga uja. Vuto lake silinali umbuli wokha ayi. Vuto linali lakuti panalibe buku limene dzina lake likanafufutidwamo, choncho panalibe chimene akanataya.

Pali nkhani ina ya ku Kimberley komweko imene ndiyenera kuitchula, chifukwa inachitika Henrietta ali m'tauniyo ndipo imasonyeza kuti ngakhale ophunzira enieni amafunika wowayang'anira. Mu 1883 nthomba inabuka pakati pa anthu ogwira ntchito m'migodi. Eni migodi ankaopa kuti mbiri ikamveka antchito athawa ndipo tauniyo itsekedwa. Madokotala ena otchuka, mmodzi mwa iwo Leander Starr Jameson, ananena kuti si nthomba koma matenda ena apakhungu osapatsirana. Dokotala wachinyamata Hans Sauer anatsutsa, mpaka nkhani zinafika kukhoti, koma pamene choonadi chinkavomerezedwa anthu mazanamazana anali atamwalira, ambiri mwa iwo akuda. Jameson ameneyu ndi yemwe dzina lake linapatsidwa tauni ya Chipata m'nthawi ya atsamunda, pamene inkatchedwa Fort Jameson. Sindikunena kuti mliri umenewu ndiwo unachititsa Henrietta kufuna kaundula. Ndikungoti munthu wokhala m'tauni yotere sakanalephera kuona chimene chimachitika pamene wosamalira odwala akuopa womulipira kuposa mmene akuopera mwambo wa ntchito yake.

Ku England nkhani ya kaundula inali itayamba kale kuutsa mapiri pachigwa. Mu 1887 Ethel Bedford Fenwick, amene anali atakhalapo mkulu wa anamwino pachipatala cha St Bartholomew's, anakhazikitsa bungwe la British Nurses' Association ndi cholinga choti boma lizilemba anamwino ophunzira. Henrietta analowa bungwelo ndipo anali mmodzi mwa oyambirira kulembedwa m'kaundula wake. Chodabwitsa n'chakuti amene anatsutsa kwambiri maganizowa anali Florence Nightingale. Iye ankaona kuti unamwino wagona pa khalidwe la munthu, ndipo khalidwe sungaliyese ndi mayeso kapena kulilemba m'buku. Munthu akhoza kukhoza mayeso lero, dzina n'kukhala m'kaundula zaka makumi awiri, pamene mtima wake unauma kalekale.

Mfundo ya Nightingale siyopeputsa. Aliyense amene anagonapo pansi m'wodi ya amayi podikirira wodwala amadziwa kuti chiphaso sichimwetulira. Koma ine ndili kumbali ya Henrietta, chifukwa Nightingale ankaganizira za zipatala zazikulu za ku London kumene mkulu wa anamwino ankadziwa namwino aliyense ndi khalidwe lake. Kumalo ngati Kimberley, kapena ngati kwathu kuno kumene namwino mmodzi amatha kukhala yekha pachipatala chaching'ono usiku wonse, dokotala ali makilomita ambiri kutsidya kwa mitsinje yodzaza, wodwala sangadikire kuti adziwe mtima wa womusamalira. Chimene angadalire n'chakuti pali ena amene anamuyesa munthuyo, ndipo angathe kumuitana kuti ayankhe mlandu.

Mwayi wa Henrietta unafika pamene nyumba ya malamulo ya Cape inkakonza lamulo latsopano lokhudza madokotala ndi ogulitsa mankhwala. Iye analibe voti, popeza amayi sankavota, ndipo sakanatha kulankhula m'nyumbayo. Anagwiritsa ntchito zimene anali nazo: mbiri ya sukulu yake, kugwirizana kwa anamwino anzake, ndi madokotala amene ankamulemekeza. Wodziwika kwambiri mwa iwo anali Dr William Guybon Atherstone wa ku Grahamstown, amene analinso phungu, ndipo ndi yemweyo amene anatsimikiza mu 1867 kuti mwala woyamba uja unalidi dayamondi. Lamulo la Medical and Pharmacy Act litavomerezedwa mu 1891, munali ndime zolola kuti anamwino ndi azamba ophunzira azipatsidwa ziphaso ndi kulembedwa m'kaundula wa boma. New Zealand inadzakhazikitsa lamulo lake mu 1901, ndipo Britain, kwawo kwa Nightingale ndi Fenwick, inadikira mpaka 1919.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa olemba ena amakonda kunena ngati kuti mu 1891 anamwino anayamba kudzilamulira okha. Sizinali choncho. Kaundula ankasungidwa ndi bungwe la madokotala, ndipo ndi madokotala amene ankaona za mayeso ndi zopereka kapena kulanda ziphaso. Kulembetsa sikunali kokakamiza, motero wosaphunzira ankathabe kugwira ntchito. Chimene Henrietta anapambana chinali chakuti boma livomereze kuti namwino wophunzira ndi munthu wodziwika pamaso pa lamulo, wosiyana ndi wantchito wamba. Kuti anamwino akhale ndi bungwe lawolawo loyang'anira ntchito yawo ku South Africa panatenga zaka zina 53, mpaka 1944 pamene South African Nursing Council inakhazikitsidwa. Iye anakumba maziko, makoma anamanga ena.

Palinso china chimene sichikoma kuchinena za munthu amene mpingo wake umamukumbukira chaka ndi chaka. Ophunzira a Henrietta anali amayi achizungu, ndipo iye ankafuna makamaka atsikana a m'mabanja ophunzira, amene ankati ndi oleredwa bwino. M'tauni imene odwala ambiri anali anthu akuda a m'migodi, ntchito yonyamula, yokolopa ndi yochapa inali ya anthu akuda, koma satifiketi inali ya ena. Lamulo la 1891 silinatchule khungu, ndipo chifukwa cha ichi Cecilia Makiwane, amene anaphunzira pachipatala cha Victoria ku Lovedale, anatha kulembedwa mu January 1908 n'kukhala namwino woyamba wachikuda wokhala ndi chiphaso m'dzikomo. Koma sanatuluke m'sukulu ya ku Kimberley. Ndipo mu 1957 boma la tsankho linagawa kaundula yemweyo potsata mitundu ya anthu, anamwino akuda n'kuchotseredwa mawu m'bungwe loyang'anira ntchito yawo. Wolemba mbiri Shula Marks anafotokoza bwino magawano amenewa m'buku lake lotchedwa Divided Sisterhood la mu 1994. Kaundula amateteza odwala, inde, koma amathanso kukhala mpanda wotsekereza ena kunja, malingana ndi amene wagwira cholembera.

Mu 1895 masisitere a chipani chake anasiya kuyendetsa chipatala cha Kimberley. Henrietta sanachoke m'tauniyo. Anatsegula nyumba ya St Michael's Home, kumene kunkachokera anamwino opita kukasamalira odwala m'makomo ndiponso kunkaphunzitsidwa azamba, mothandizana ndi Mary Hirst Watkins amene mbiri ya uzamba ku South Africa imamulemekeza kwambiri. Anali komweko pamene asilikali a Mabunu anazinga Kimberley kuyambira mu October 1899 mpaka February 1900, chakudya chitasowa ndipo ana ambiri, makamaka a anthu akuda, akumwalira. Anamwalira pa 6 October 1911 ali ndi zaka 64 ndipo anaikidwa kumanda a Dutoitspan. Mu 1970 anamuimikira chipilala cha chifanizo chake pabwalo la tchalitchi chachikulu cha St Cyprian's, ndipo mu 1984 mafupa ake anasamutsidwira pabwalo lomwelo. Sukulu ya anamwino ya ku Kimberley inapatsidwa dzina lake.

Pamene Henrietta ankamwalira, mishoni ya Seventh-day Adventist ya Matandani inali ndi zaka zitatu zokha, popeza inatsegulidwa mu 1908. M'Nyasaland wa nthawi imeneyo ntchito yosamalira odwala kumidzi inali kwambiri m'manja mwa amishoni ndi anthu amene iwo anawaphunzitsa, mishoni iliyonse ndi njira zake. Dziko lathu linadzakhala ndi bungwe lake la Nurses and Midwives Council of Malawi mu 1966, patangopita zaka ziwiri tilandilireni ufulu, ndipo lamulo lake linakonzedwanso mu 1995. Bungweli ndi limene limavomereza sukulu zophunzitsa anamwino ndi azamba, limapereka mayeso a chiphaso, limasunga kaundula, ndiponso limamva madandaulo ndi kupereka chilango, mpaka kuimitsa munthu kapena kufufuta dzina lake. Wophunzira wa ku Malamulo kapena wa ku Kamuzu College of Nursing, yomwe mu 2021 inakhala gawo la Kamuzu University of Health Sciences, angakhoze bwanji kusukulu kwake, sangagwire ntchito mwalamulo asanadutse pakhomo la bungweli. Ndi kaundula ameneyu amene namwino uja ankafunsa amayi.

Anthu ambiri amasokoneza bungweli ndi lina la National Organisation of Nurses and Midwives, limene limamenyera anamwino malipiro ndi zofunika pantchito. Kusiyana kwake n'kofunika. Lina limaimira namwino pamaso pa womulemba ntchito, pamene linzake limaimira wodwala pamaso pa namwino. Kudziyang'anira okha ndi pangano lovuta: anthu amauza anamwino kuti poti ndinu amene mukudziwa ntchitoyi kuposa ife, ikani nokha muyezo, koma mukhalenso oyamba kudzudzula mnzanu akauphwanya. Akuluakulu amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo namwino mmodzi wotukwana mayi wapakati kapena wogulitsa mankhwala a boma amadetsa yunifolomu ya onse. Komabe kunenera mnzako amene munagona naye hositelo imodzi, amene mumasinthana naye mashifiti, ndipo mwina ndi yekhayo wokulandira ntchito mawa m'mawa, si chinthu chapafupi. Pa mfundo imeneyi nkhawa ya Nightingale ikadali ndi moyo.

Chinanso chimene Henrietta sakanachilota n'chakuti chiphaso chimayenda. Poti namwino wa ku Malawi ndi wolembedwa m'kaundula wodalirika, maiko ena amamulandira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, zipatala zathu n'kutsala zopanda anthu pa nthawi imene Edzi inali itafika pachimake, mpaka mu 2004 boma ndi othandiza anayambitsa ndondomeko yapadera yowonjezera malipiro ndi chiwerengero cha ophunzira. Kumene namwino wachiphaso kulibe, malo ake satsala opanda munthu. Amalowapo wa njinga ndi chikwama chakuda.

Ndinapita kwathu patchuthi chapitachi ndipo ndinawafotokozera amayi za sisitere wa ku Kimberley. Anamvetsera akusenda mbatata, kenaka anandikumbutsa kuti tsiku limene anaitana bambo uja mvula inali itagwa masiku atatu, mtsinje unali wosawolokeka, ndipo mwana thupi linali litatentha ngati mbaula. Anandifunsa kuti ndikanakhala iwo ndikanatani. Mng'ono wanga anali pomwepo, akukonza tcheni cha njinga yake, mwendo wakumanzere atautambasula monga amachitira kukazizira.